Zodzala Pansi pa Mtengo Zilipo

Anthu ambiri amangosesa pansi pa mtengo wa mango kapena mkuyu n'kusiya dothi lili mbee, poganiza kuti pamthunzi sipamera kanthu. Ine ndimakana. Alipo maluwa amene kwawo ndi m'nkhalango, ndipo mukawadzala kamodzi amaphuka chaka ndi chaka.

Duwa limene ndimalikonda kwambiri ndi Clivia miniata, lochokera m'nkhalango za KwaZulu-Natal ku South Africa. Masamba ake ndi aatali, obiriwira chaka chonse, ndipo maluwa ake amtundu wa lalanje amatuluka nyengo yozizira ikamatha. Mizu yake ndi yonenepa, imasunga madzi ndipo siilowa pansi kwambiri, n'chifukwa chake limapirira pakati pa mizu ya mtengo. Dzuwa la masana limawaula masamba ake. Mukafesa njere mudikira zaka 3 kapena 4 kuti muone duwa, ndiye ndi bwino kugawa phata lakale. Chenjerani ndi mbozi yamizeremizere yakuda ndi yachikasu imene imaboola tsamba n'kutsikira kuphata. Mukaiona ichotseni tsiku lomwelo.

Scadoxus multiflorus ndi wathu wakuno. Mvula yoyamba ikagwa amatulutsa duwa lofiira, lozungulira ngati mpira, nthawi zambiri masamba asanakule. Koma anyezi wake ndi wapoizoni, musamudzale pomwe ana amasewera.

Pamalo achinyontho, Impatiens walleriana amadzaza mipata mwachangu.

Chimodzi ndikupempheni: lekani kuotcha masamba oyoyoka. Asiyeni awolerane pomwepo, ndiwo manyowa amene maluwawa anazolowera.