Ng'ombe yopulumuka chigodola siiwala mdani wake

Dzinja lapitali ndinataya ng'ombe yamphongo yomwe ndinagula ndi ndalama za fodya kuti izikoka ngolo. Inachokera ku khola lakutali, yonenepa bwino, ndipo nditafika nayo kwathu ku Nsaru anthu ankaima pamsewu kuiyang'ana. Sipanathe miyezi iwiri, inatupa anabere m'munsi mwa makutu, thupi linatentha, inaleka kudya, ndipo tsiku lomwe inafa inkatuluka thovu m'mphuno. Chomwe chinandizunguza mutu n'chakuti ng'ombe zanga zakale, zowonda ndiponso zodzala nkhupakupa m'makutu, zinkangodya msipu osadwala n'komwe.

Achibale ena anayamba kunong'ona za ufiti. Ine ndinapita kwa alangizi a ziweto, ndipo zomwe anandifotokozera ndaona kuti ndigawane nanu alimi anzanga.

Nthenda ija ndi chigodola cha ng'ombe. Imayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Theileria parva, komwe kamalowa m'thupi kudzera m'malovu a nkhupakupa yofiirira yokonda kuluma m'makutu. Nkhupakupayi imachuluka nthawi ya mvula. Kachirombo kakalowa, kamabisala m'kati mwa maselo oyera a m'magazi, omwe ndi asilikali a thupi, n'kuwachititsa kuswana mopanda malire. Ndiye kutupa kwa anabere kuja. Ng'ombe yosazolowera imatha kufa pasanathe mwezi.

Nanga zanga zakale zinapulumuka bwanji? Zinakumana nako kachiromboka zili mathole, zinadwala pang'ono n'kuchira. Pa nkhondo yoyamba ija thupi linaphunzitsa gulu lina la asilikali kuzindikira selo lomwe mwalowa mdani ndi kulipha. Nkhondo itatha, ena mwa asilikaliwo sanafe ayi. Anatsala m'thupi ngati alonda okumbukira nkhope ya mbala, ndipo amakhalamo zaka. Nkhupakupa ikabweretsanso kachirombo komweko, iwo amachulukana msanga n'kukagonjetsa ng'ombe isanagone pansi.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ng'ombe yochira nthawi zambiri simaliza kachirombo konse. Kochepa kamatsala m'thupi kwa nthawi yaitali, asilikali akukapanikiza koma osakatheratu. Mwini wake amaoneka wathanzi, komabe nkhupakupa ikamuyamwa imatola kachirombo n'kukapatsira ng'ombe ina. Apa mpamene ndinazindikira kuti mwina ng'ombe yanga yatsopano inaphedwa ndi nthenda yochokera m'khola langa lomwe. Palinso china: kachiromboka kali ndi mitundu ingapo, ndipo asilikali amakumbukira bwino mtundu womwe anamenyana nawo. Choncho ngakhale ng'ombe yolimba kwawo ikhoza kudwala ikasamukira dera lina.

Akatswiri anatengera nzeru pa kukumbukira kumeneku. M'zaka za m'ma 1970 ku Muguga, m'dziko la Kenya, anapeza njira yobaya ng'ombe tizirombo tamoyo toyesedwa bwino, pamodzi ndi jakisoni wa oxytetracycline wogwira ntchito nthawi yaitali. Mankhwalawo amafooketsa tizirombo kuti thupi liphunzire popanda ng'ombe kufa. Katemera wa Muguga ndi wosakaniza mitundu itatu, pomwe anzathu a kum'mawa kwa Zambia anapanga wawo ndi mtundu wa ku Katete. Chokondweretsa n'chakuti mu 2014 ntchito yopanga katemera wa Muguga inakhazikitsidwa kwathu konkuno ku Lilongwe, ku likulu lofufuza za nkhupakupa la CTTBD. Kubaya kamodzi kumateteza ng'ombe zaka zambiri.

Katemerayu si wogula pa golosale n'kudzibayira wekha. Ndi wamoyo, amasungidwa pozizira kwambiri, ndipo amafuna munthu wophunzitsidwa. N'chifukwa chake ndi bwino alimi a mudzi umodzi kusonkhanitsa mathole awo n'kuitana alangizi tsiku limodzi. Tisaiwalenso kuti katemerayu ndi wa chigodola chokha. Nkhupakupa zimafalitsa matenda enanso, choncho kusambitsa ng'ombe ndi mankhwala kusalekedwe. Mukaona anabere atupa, thamangani tsiku lomwelo, pakuti mankhwala a buparvaquone amathandiza nthenda ikadali yoyamba. Ine ndinadikira masiku angapo poganiza kuti ndi kutopa ndi ngolo.

Chaka chino chimanga changa ndinatuta pa ngolo yobwereka, ndipo ndalama yolipira inatuluka m'thumba lomwelo la fodya. Safunsa anadya phula. Tsopano ndikafuna kugula ng'ombe sindiyamba ndi kuyang'ana linunda kapena kunenepa. Ndimayamba ndafunsa komwe inakulira ndiponso ngati inabayidwa katemera wa chigodola. Inunso alimi anzanga, musanapereke ndalama zanu pa msika, funsani mafunso awiri amenewa.