WOFUNA KULEKA MOWA ASALIMBANE YEKHA

Boma linaletsa mowa wa tujilijili m'caka ca 2012, koma kacasu ndi mowa wina akali kupasula mabanja m'midzi ndi m'makomboni mwathu. Ambiri amalumbira m'mamawa kuti aleka, koma dzuwa polowa ali kale pa botolo. Nanga munthu wotere apite kuti?

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Nzeru yomweyi ndiyo maziko a bungwe la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene anthu awiri ogonja ku mowa anaona kuti kulimbikitsana kunali kuwathandiza kusamwa. Pa misonkhano yace palibe malipilo, palibe kuweruzana, ndipo munthu amachula dzina loyamba cabe. Cofunika ndi cimodzi: mtima wofuna kuleka. Cimene amalimbikira ndi kusamwa tsiku la lero lokha, mawa ciyambirenso.

Kuti mupeze msonkhano wapafupi, funsani anamwino pa kiliniki yanu kapena atsogoleri a mpingo. Okhala mu Lusaka angafunsenso ku cipatala ca Chainama. Ngati kwanu kulibe gulu, anthu awiri kapena atatu ofuna kuleka mowa angathe kuliyambitsa.

Koma cenjerani. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri asalekeretu mwadzidzidzi popanda kuonana ndi adokotala, pakuti thupi limanjenjemera, ena amakomoka, ndipo imfa ingacitike. Ayambire ku cipatala, ndipo pambuyo pace apite kwa anzace.