Vishnu: mulungu wosintha nkhope malinga ndi vuto

Chaka ndi chaka, mu Okutobala kapena Novembala, makombola amalira usiku ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Lilongwe pamene Amwenye achipembedzo cha Chihindu akukondwerera Diwali. Ambiri oonerera chapatali sadziwa kuti kwa Ahindu ochuluka nyali ndi phokosolo n'zolonjera Rama, mwana wa mfumu amene adabwerera kwawo ku Ayodhya atakhala zaka 14 m'nkhalango.

Komatu Rama si mulungu woima payekha. Malinga ndi chikhulupiriro chawo, iye ndi Vishnu, mulungu wosunga dziko, atavala thupi la munthu. Kubwera kotereku amakutcha avatara, kutanthauza kutsika. Buku la Bhagavad Gita, m'mutu 4, limaphunzitsa kuti mulunguyu amatsika nthawi iliyonse chilungamo chikafooka, oipa n'kuchuluka mphamvu.

Maonekedwe odziwika kwambiri alipo 10, ngakhale buku la Bhagavata Purana limatchula 22 n'kuonjezera kuti onse ndi osawerengeka. Oyambirira ndi a nyama. Monga nsomba, Matsya, akuti adapulumutsa Manu, kholo la anthu, ku chigumula, nkhani imene odziwa za Nowa sangaidabwe. Monga kamba, Kurma, adabereka phiri kumsana kuti lisamire. Monga nguluwe, Varaha, adavuula dziko m'madzi ndi mano ake.

Nkhani yoonetsa bwino chifukwa chosinthira nkhope ndi ya Narasimha. Akuti mfumu ina yankhanza, Hiranyakashipu, idalonjezedwa kuti sidzaphedwa ndi munthu kapena nyama, usana kapena usiku, m'nyumba kapena panja, pansi kapena m'mwamba, ngakhalenso ndi chida chilichonse. Itamva choncho idayamba kudzitcha mulungu, mpaka kufuna kupha mwana wake yemwe, Prahlada, chifukwa chopembedza Vishnu.

Vishnu sadaswe lonjezo ndi limodzi lomwe. Adatulukira m'chipilala ali ndi thupi la munthu koma mutu wa mkango, dzuwa litangolowa kusanade, n'kuikokera mfumuyo pakhomo penipeni, kuigoneka pamiyendo pake ndi kuing'amba ndi zikhadabo. Mfumuyo idatseka makomo onse, koma idaiwala kuti pakati pa usana ndi usiku pali chisisira.

Yoseketsa ndi ya Vamana, kamunthu kakafupi kamene kadapempha mfumu Bali malo okwana mapazi atatu okha. Mfumu itavomera, kamunthuko kadakula n'kuponda dziko lonse ndi phazi loyamba, thambo ndi lachiwiri. Polisowa poponda lachitatu, Bali adapereka mutu wake. Chodabwitsa n'chakuti ku Kerala, kummwera kwa India, amene anthu amamulandira ndi maluwa pa chikondwerero cha Onam ndi Bali wogonjayo, poti kwa iwo adali mfumu yachilungamo.

Rama amaimira mfumu yosunga mawu ngakhale ziwawe, pomwe Krishna, mbusa wa ng'ombe woimba chitoliro, amaimira chikondi ndi uphungu pa nthawi ya nkhondo. Pamndandandawu pali kusamvana: ena amaikapo Buddha, ena Balarama, mkulu wake wa Krishna, ndipo Abuda ambiri sagwirizana n'zoti mphunzitsi wawo alembedwe m'kaundula wa eni. Wotsiriza, Kalki, sadabwerebe. Akumuyembekezera pa hatchi yoyera kumathero a nyengo ino.

Asaganize wina kuti izi ndi nthano zocheza madzulo chabe. Pa 6 Disembala 1992, chigulu cha Ahindu chidagwetsa mzikiti wa Babri ku Ayodhya ponena kuti udamangidwa pamalo pamene Rama adabadwira. Zipolowe zimene zidatsatira zidapha anthu pafupifupi 2,000, ambiri mwa iwo Asilamu.

Mlandu wa malowo udatenga zaka zambiri m'makhoti. Mu 2019 khoti lalikulu la India lidagamula kuti malowo apite kwa Ahindu, Asilamu apatsidwe maekala 5 kwina, ngakhale lidanenanso kuti kugwetsa mzikitiwo kudali kuphwanya lamulo. Kachisi watsopano wa Rama adatsegulidwa pa 22 Januwale 2024, nduna yaikulu Narendra Modi ili patsogolo. Fano limene adaikamo si la mfumu ili pampando, koma la Rama ali mwana wa zaka 5.