Miphika ya maluwa ya ku Paris imene inavala chigiriki

M'masitolo ogulitsa zinthu zakale ku Paris, London kapena New York mumapezeka chipangizo china chooneka ngati tebulo, koma pamwamba pake m'malo mwa thabwa pali chibowo, ndipo m'chibowomo mwalowa chibeseni chachitsulo chothiramo dothi. Afalansa amachitcha jardinière, ndipo ntchito yake n'kusunga maluwa amoyo m'nyumba. Miyendo yake ndi yowongoka, yokhala ndi timigula totsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo m'mbali mwake mumalendewera nkhata za masamba ndi mitu ya nkhosa zamphongo, zonse zamkuwa wokutidwa ndi golide. Wogulitsa amamatapo kapepala kolembedwa kuti "Louis XVI". Kapepalako kamanena zoona pa za maonekedwe, koma nthawi zambiri kamabisa msinkhu weniweni wa chinthucho.

Zinayamba ndi phulusa la Vesuvius

Phiri la Vesuvius ku Italy litaphulika m'chaka cha 79, linakwirira mizinda ya Herculaneum ndi Pompeii. Anthu anayamba kufukula Herculaneum mu 1738 ndi Pompeii mu 1748. Nthawi imeneyo olemera a ku Paris anali atakhuta ndi rococo, kapangidwe ka mipando kokhotakhota, kodzaza zigoba za nkhono ndi mphukira zopotana, moti mzere wowongoka unkasowa m'chipinda chonse.

Mu 1749 Madame de Pompadour, wokondedwa wa mfumu Louis XV, anatumiza mlongo wake ku Italy kuti akaphunzire kuona zinthu asanalandire udindo woyang'anira nyumba za mfumu. Mnyamatayo, yemwe anadzatchedwa Marquis de Marigny, anapita ndi katswiri wa zomangamanga Soufflot komanso wojambula Cochin. Atabwerako, Cochin analemba mu nyuzipepala ya Mercure de France mu 1754 kuchonderera amisiri, mwachipongwe ndithu, kuti aleke kupinda zinthu zimene zimayenera kukhala zowongoka. Pofika 1763 chilichonse mu Paris chinkayenera kukhala "chachigiriki", mpaka timabokosi ta fodya wonunkhiza. Louis XVI analowa ufumu mu 1774, kutanthauza kuti kapangidwe kotchedwa ndi dzina lake anakapeza katakhazikika kale.

Chigiriki chimene Agiriki sanachionepo

Apa m'pamene nkhani imakoma. Pafupifupi mipando yonse yamatabwa ya Agiriki ndi Aroma inali itaola kalekale. Zimene amisiri a ku Paris akanatha kuona zinali akachisi, mitsuko ikuluikulu yamiyala, zithunzi za pakhoma ndi ziwiya zamkuwa. Choncho anatenga zipilala za kachisi, kuzichepetsa, n'kuzisandutsa miyendo ya tebulo. Mitu ya nkhosa ndi nkhata za masamba anazichotsa pa maguwa a nsembe. Mzere wopindikapindika mwamakona, umene umayenda m'mphepete mwa zomanga zakale, anaukulunga kuzungulira chibeseni cha maluwa.

Chitsanzo chabwino ndi athénienne, dzina lotanthauza "mkazi wa ku Athens". Wojambula Joseph-Marie Vien anajambula mkazi akufukiza lubani pa chofukizira cha miyendo itatu, ndipo mu 1773 Jean-Henri Eberts anatenga chofukiziracho pa chithunzipo n'kuyamba kuchitsatsa ngati chiwiya cha m'nyumba. Ankati mungafukizirepo zonunkhira, kutenthetserapo chakudya, kusungiramo tinsomba kapena kuikamo maluwa. Miyendo itatu ili ndi nzeru ya mafuwa: ngakhale pansi patakhala posasalala, chinthu sichigwedezeka. Komabe palibe mkazi wa ku Athens amene anaikapo maluwa pa chinthu chotere. Chinali chigiriki chosokedwa ku Paris, molingana ndi thupi la Paris, ndipo kwa ine n'chifukwa chake chimakongola kusiyana ndi zinthu zongokopera ndendende.

Madzi ndi thabwa saphikana

Vuto lalikulu la mmisiri silinali kukongoletsa. Mipando yapamwamba ya nthawiyo inkakhala ya thabwa wamba mkati, kunja n'kumatapo timapepala topyapyala ta mitengo yodula yochokera kutali, monga mahogany wa ku zilumba za Caribbean, yemwe ndi wa banja limodzi ndi m'bawa. Ankamata ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, amene amasungunuka akanyowa. Duwa likufuna madzi tsiku ndi tsiku, thabwa silikuwafuna n'komwe. Chibeseni chozula chija ndicho chinathetsa mkanganowu. Poyamba ankachisula ndi mtovu, kopa kapena lata, ndipo m'zaka za m'ma 1800 zinki ndiye anafala. Wantchito ankachizula, kukathirira maluwa panja, n'kuchibweza madzi atakha.

Fakitale ya ziwiya zadothi loyera ya mfumu, imene inasamuka ku Vincennes kupita ku Sèvres mu 1756, inali ndi njira yakeyake. Mphika wake wotchedwa vase hollandais unali wa zigawo ziwiri: chapamwamba chokhala ndi tizibowo kunsi, chodzalamo anyezi a maluwa monga hyacinth, ndi chapansi chosunga madzi kuti mizu izimwa pang'onopang'ono.

Manja ambiri pa chinthu chimodzi

Malamulo a mabungwe a amisiri ku Paris sankalola munthu mmodzi kugwira ntchito yonse. Wina ankapanga thupi lamatabwa, wina kusungunula mkuwa, wina kuugoba, wina kuukuta ndi golide. Amalonda monga Simon-Philippe Poirier ndi Dominique Daguerre ndiwo ankaganizira chinthu chonsecho, kugula timbale ta Sèvres n'kugawa ntchito. Amisiri otchuka ambiri a matabwa, monga Jean-Henri Riesener, Martin Carlin ndi Adam Weisweiler, anali ochokera ku Germany. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1700 aliyense ankayenera kudinda dzina lake pa thabwa, nthawi zambiri pamalo obisika, mpaka mabungwewo atathetsedwa mu 1791.

Golide uja anali ndi mtengo wina umene wogula sankalipira. Ankamusakaniza ndi mercury, kupaka pa mkuwa, n'kuotcha pamoto kuti mercury auluke, golide atsale. Utsiwo unkalowa m'mapapo a amisiri. Ankanjenjemera manja, mano kuguluka, mutu kusokonekera, ndipo ambiri sankakalamba. Ngakhale Pierre Gouthière, katswiri wamkulu wa ntchitoyi, amene ankapangira zinthu Madame du Barry, wokondedwa wina wa Louis XV, anamwalira ali wosauka mu 1813.

Napoleon anawonjezera kulemera

Kuukira ufumu kwa 1789 kunagwetsa mfumu koma sikunagwetse zipilala. Napoleon, amene anadzalamulira France pambuyo pake, ankadziona ngati wolowa m'malo mwa mafumu a Roma, ndipo akatswiri ake Charles Percier ndi Pierre Fontaine anapanga mipando yolemera, ya mahogany wosalala, yokhala ndi ziwombankhanga ndi mapazi a mikango. Nkhondo yake ya ku Egypt ya 1798 inabweretsanso zifanizo za sphinx. Mkazi wake Joséphine, amene anagula nyumba ya Malmaison mu 1799, ankasonkhanitsa zomera za m'maiko akutali, ndipo chikondi chimenechi chinathandiza kuti zoikamo maluwa zisasowe m'zipinda zochezera.

Zambiri n'zazing'ono kuposa dzina lake

Eugénie, amene anakwatiwa ndi Napoleon III mu 1853, ankatengeka kwambiri ndi mbiri ya Marie-Antoinette, mkazi wa Louis XVI, ndipo anadzutsanso kapangidwe ka Louis XVI. Amisiri monga Henry Dasson, Alfred Beurdeley, Paul Sormani, kenako François Linke, anapanga zinthu zambirimbiri zotengera zakale, zina zaluso losachepera pa loyambalo. Kukuta golide ndi magetsi, kumene kampani ya Christofle inayamba kuchita ku France m'ma 1840, kunatsitsa mtengo n'kupulumutsa mapapo. Fakitale ya Val d'Osne inkaumba mitsuko yachitsulo ya m'munda yotengera mtsuko wakale wotchedwa Medici, ndipo wogula ankangosankha m'buku la zithunzi. Zoikamo maluwa zambiri zimene zili pamsika lero n'za nthawi imeneyi, zokopera Paris ya m'ma 1780, imene nayonso inkalota Roma.

Odziwa ntchito amatembenuza chinthucho n'kuyang'ana kunsi. Timapepala ta thabwa tocheka ndi manja timakhala tokhuthala ndi tosafanana, pamene ta makina n'topyapyala mofanana paliponse. Zizindikiro za sowo yozungulira zimaloza ku zaka za m'ma 1800. Kumbuyo kwa mkuwa wakale kumakhala kokhakhala, kopanda golide. Dzina lodinda palokha silikwanira, chifukwa akuba luso anadinda mayina a Riesener ndi anzake pa zinthu zimene iwo sanazikhudzepo. Chibeseni cha zinki nachonso chimanyenga mbali zonse ziwiri: chikhoza kukhala umboni wakuti chinthucho n'cha m'ma 1870, kapena chinangolowa m'malo mwa chamtovu chimene chinabooka patapita zaka makumi angapo chikuthiriridwa.