Alumikizi a nthawi

Alumikizi a nthawi ndi mawu amene amalumikiza nthambi ziwiri za chiganizo posonyeza nthawi yomwe chinthu china chidachitika poyerekeza ndi chinzake. M'Chichewa alumikizi odziwika kwambiri a mtundu umenewu ndi pamene, pomwe, m'mene, mpaka ndi kufikira. Nthambi yoyamba ndi mawu otere siima payokha, ndipo imagwira ntchito ya muonjezi wa nthawi.

Pamene, pomwe ndi m'mene amasonyeza kuti zinthu ziwiri zidachitikira nthawi imodzi, kapena china chidapeza chinzake chili m'kati: "Pamene chiperoni chimayamba, anthu anali akuthyola tiyi ku Lujeri." Mpaka ndi kufikira amaonetsa malire: "Tidakhala ku Likhubula mpaka mvula idakata."

Nthawi yobisika m'mneni

Chichewa sichidalira alumikizi okha. Kawirikawiri ntchito yawo imagwiridwa ndi timaphatikizo tolowa m'kati mwa mneni, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, chifukwa amafufuza liwu loima palokha lomwe m'chiganizomo mulibe. Phatikizo la -ta- limasonyeza kuti chinthu chidatha chinzake chisanayambe: "Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, midzi yambiri ku Mulanje idatsala m'matope." La -sana- limatembenuza zimenezi, ndipo mneni amathera ndi -e: "Nyamukani dzuwa lisanatuluke." Palinso po- wa m'mawu ngati pofika ndi pobwera, komanso kapangidwe ka chifikireni, kotanthauza kuyambira pa nthawi yomwe munthu adafika.

Phatikizo lovuta ndi -ka-. Munthu akanena kuti "Mukafika pa Sapitwa mudzaona Phalombe," sizidziwika bwino ngati akutsimikiza kuti mudzafika pa nsonga ya mamita 3,002 imeneyi kapena akukayika. Nthawi ndi chikayiko zagona m'phatikizo limodzi, ndipo womva amazindikira tanthauzo kuchokera pa nkhani yonse. Naye -ta- amatero nthawi zina: "atabwera ndingakondwe" sakunena zakale ayi, koma chinthu chongolakalaka.

Kuyerekeza ndi Chiairishi

Chiairishi, chiyankhulo cha dziko la Ireland, chimayenda njira ina. Mlumikizi wake wamkulu ndi nuair a, wochokera ku mawu akuti an uair, kutanthauza ora kapena nthawi. Kusiyana kwake n'kwakuti mlumikizi amasintha liwu loyamba la mneni womutsatira. Mneni tagann, kutanthauza amabwera, amasanduka thagann pambuyo pa nuair a, koma pambuyo pa sula, yemwe amagwira ntchito ya -sana- wathu, amakhala dtagann. Ponena zakale sula amasanduka sular pa aneni ambiri.

Chodabwitsa kwa wophunzira ndi liwu la agus. Tanthauzo lake lenileni ndi "ndi" kapena "ndipo", koma likatsatidwa ndi mlowam'malo popanda mneni wosonyeza nthawi, limatanthauza pamene. Chiganizo chakuti "Chonaic mé é agus mé ag teacht abhaile" liwu ndi liwu chikuti ndidamuona iye ndi ine pobwera kunyumba. M'Chichewa timangoti "Ndidamuona ndikubwera kunyumba," popanda mlumikizi aliyense, ndipo chimene chimasiyanitsa ndikubwera ameneyu ndi wa m'chiganizo choima pachokha ndi kakwezedwe ka mawu basi, kamene kalembedwe kathu sikakuonetsa.