Mmene Zotsatira za Vayirolodi Zimaunikidwira Pakompyuta

Zotsatira za vayirolodi, komwe ndi kuyeza kuchuluka kwa kachirombo ka HIV m'magazi, zikatuluka m'makina zimayamba zalowa mu pulogalamu ya pakompyuta yolondoloza ntchito za mu labotale, yotchedwa LIMS. M'menemo katswiri amaziunika asanazivomereze kuti zipite kwa dokotala.

Ku Malawi magazi ambiri amatengedwa kuzipatala zazing'ono, kawirikawiri ngati madontho oumitsidwa pa kapepala, n'kunyamulidwa pa njinga zamoto, monga za bungwe la Riders for Health, kupita ku malabotale akuluakulu. Sampulo iliyonse imalembetsedwa ndi nambala yakeyake ndi barcode, pamodzi ndi tsiku lomwe magaziwo anatengedwa komanso chipatala chomwe achokera. Makina sangadziwe ngati magazi a munthu wina alembedwa dzina la mnzake, n'chifukwa chake kulembetsaku kumafuna chidwi chachikulu.

Kuunika kumayambira pa makontrolo. Awa ndi masampulo omwe zotsatira zake zimadziwika kale: ina ilibe kachirombo, ina ili ndi kochepa, ina kochuluka. Amayezedwa limodzi ndi magazi a odwala. Kontrolo yopanda kachirombo ikaonetsa kuti kalimo, ndiye kuti china chake chaipitsa ntchitoyo, ndipo zotsatira za gulu lonselo zimakanidwa ngakhale zikuoneka zabwino. Kubwereza kumadya mankhwala oyezera okwera mtengo, komabe n'kwabwino kusiyana ndi kupatsa munthu nambala yabodza.

Pulogalamuyi imajambulanso zotsatira za makontrolo tsiku ndi tsiku pa tchati, njira yomwe Levey ndi Jennings anaibweretsa m'malabotale azachipatala mu 1950. Pakati pa tchaticho pali mzere wa nambala yoyembekezeka, ndipo pamwamba ndi pansi pali malire atatu mbali iliyonse. Mu 1981 James Westgard ndi anzake anakhazikitsa malamulo owerengera tchatichi. Kontrolo imodzi ikadumpha malire achitatu, gululo limakanidwa. Ziwiri zotsatizana zikadutsa malire achiwiri kumbali imodzi, limakanidwanso. Lamulo lothandiza kwambiri ndi la zotsatira 10 zotsatizana zogwera mbali imodzi ya mzere wapakati. Chilichonse pachokha chimaoneka bwinobwino, koma pamodzi zimaulula kuti makina akupendekeka pang'onopang'ono kapena mankhwala ayamba kutha mphamvu, chinthu chomwe diso la munthu woyang'ana za tsiku limodzi lokha silingaone.

Makontrolo akakhoza, katswiri amatembenukira kwa odwala mmodzimmodzi. Kompyuta imaika chizindikiro pa zotsatira zokayikitsa ndipo imazifananitsa ndi zam'mbuyo za munthu yemweyo. Kusintha kochoka pa makope 400 a kachirombo pa mililita imodzi ya magazi kufika pa 600 sikudetsa nkhawa, chifukwa kayezedweka kamasinthasintha pang'ono mwachibadwa. Kusintha kotanthauza kanthu ndi kwa katatu kapena kuposerapo. Koma munthu amene kachirombo kake sikanaoneke miyezi yapitayo akapezeka ndi mazana a zikwi, mpofunika kutsimikiza kaye kuti masampulo sanasinthanitsidwe.

Bungwe la WHO linaika malire pa makope 1,000 a kachirombo pa mililita imodzi ya magazi. Wopitirira pamenepo amalangizidwa za kamwedwe ka ma ARV n'kuyezedwanso patatha miyezi itatu. Nambala ikakhalabe pamwamba, achipatala amaganizira zosintha mankhwala. Zotsatira zotere zimafunika kutumizidwa msanga. Katswiri akazivomereza, pulogalamu imasunga dzina lake, tsiku ndi nthawi, komanso chilichonse chomwe chasinthidwa pambuyo pake, monga momwe muyezo wa malabotale azachipatala wa ISO 15189 umafunira.