Zikumbu za Nyanga Zitalizitali: Alendo Obisala m'Nkhuni za ku Mbare

Amene amawaza nkhuni ku Mbare, dera lakale la mzinda wa Harare, amazidziwa bwino mphutsi zonenepa, zoyera, zomwe zimatuluka chipika chikang'ambika. Ambiri amangoziponyera nkhuku, osadziwa kuti ndi ana a zikumbu za nyanga zitalizitali, banja lomwe lili ndi mitundu yoposa 30,000 padziko lapansi.

Chimodzi mwa zimphona za banjali ndi Xixuthrus heros cha pachilumba cha Viti Levu ku Fiji. Chimatalika mpaka masentimita 15, pafupifupi chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo chikaopsezedwa chimachita phokoso lowopseza adani. Sichipezeka wamba. Mphutsi yake imakhala zaka ikukula mkati mwa mitengo ikuluikulu, choncho nkhalango ikagwetsedwa chikumbucho chimasowa poswanirana.

Vutoli si la ku Fiji kokha. M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ku Harare ankazima mpaka maola 18 patsiku, ndipo mabanja ambiri anatembenukira ku nkhuni ndi makala. Msasa ndi mitengo ina yachilengedwe inalowa m'tauni mochuluka, ngakhale lamulo la 2012 limafuna kuti wogulitsa kapena wonyamula nkhuni zamalonda akhale ndi chilolezo. Mayi wophikira ana sangaimbidwe mlandu pa izi. Komabe chipika chilichonse chimachoka kunkhalango ndi tizilombo tomwe ntchito yake ndi kuwoletsa mitengo yakufa kuti ibwerere m'nthaka ngati chonde.

Si zonse za m'banjali zomwe zili bwenzi la mlimi. Chikumbu chotchedwa Monochamus leuconotus chimasautsa alimi a khofi ku Chipinge komanso kumapiri a Misuku ku Malawi. Chimaikira mazira pakhungwa chakumunsi kwa tsinde. Mphutsi imadya mozungulira pansi pa khungwalo, kenako n'kuboola mtengo mkati. Masamba amachita chikasu, mtengo n'kufota. Alangizi amalimbikitsa kuyendera munda kawirikawiri, kuyang'ana utuchi patsinde, ndi kuzula n'kutentha msanga mitengo yogwidwa.

Apa ndi pomwe nkhuni zimasanduka nkhani yaikulu. Mtengo wa khofi wozulidwa ukaunjikidwa kuseri kwa nyumba kudikira tsiku lophikira, kapena ukaperekedwa kwa mnansi, mphutsi imatha kumaliza kukula momwemo, ndipo mvula yoyamba ikagwa chikumbu chimatuluka n'kuulukira m'munda wapafupi.